Usanakasake Rutabaga, Suzumira Kuseri kwa Nkhokwe

Khala apa, mkazi wanga. Anyamata inu musaseke, mdzukulu wamkazi ndi mkazi wa agogo ake, mwambowo ndinaupeza. Inunso kokerani mphasa kuno, chifukwa nkhaniyi ikukhudza mimba za nonsenu.

Masana aja unandionetsa chithunzi pafoni: chinthu chobulungira ngati mutu wa khanda, chofiirira kumtunda, chachikasu kumunsi. Unati dzina lake ndi rutabaga, ndipo azungu akudya chimenecho m'malo mwa kachewere kuti shuga asakwere m'thupi. Unafunsa ngati chingapezeke ku Chipata kapena ku Lilongwe, poti bambo ako awapeza ndi matenda a shuga kuchipatala kwa Boma kuno ku Mchinji. Ine ndinaseka, iwe n'kukwinya nkhope poyesa kuti ndikunyoza nzeru zako. Iyayi. Ndinaseka chifukwa ndinaona mnzanga wakalekale. Chinthu chimenecho ndachisenda ndi manja awa bambo akowo asanabadwe.

Paja mukudziwa kuti ndinali khukhi ku Harare, mzindawo ukutchedwabe Salisbury, Zimbabwe isanalandire ufulu mu 1980. Achimalawi tinalipo ambiri m'makhitchini ndi m'minda ya maluwa kumeneko. Banja limene ndinkaliphikira linali lochokera ku Scotland. Iwo sankati rutabaga, limenelo ndi dzina la ku America. Ankati swede, ndipo akakumbuka kwawo ankati neeps. Miyezi yozizira adona ankabwera naye m'basiketi, ine n'kunola mpeni, chifukwa muzu umenewu si wamasewera. Khungu lake ndi lolimba, ndipo kuudula pakati kumafuna kutsamira ndi phewa lonse. Ndinkausenda mozama mpaka chikasu chioneke, n'kuuduladula timabenthu tofanana ndi bokosi la machesi logawa pawiri, n'kuthira m'madzi owira a mchere. Kachewere amapsa pa mphindi 20, koma uyu amafuna 30 kapena 40. Fungo lake likamatuluka mumphika ungayese kuti pamoto pali kabichi. Akafewa ndinkatsanula madzi onse, n'kubwezera mphika pamoto pang'ono kuti chinyezi chiphwe, chifukwa ukapanda kutero umapakula phala. Kenaka batala, tsabola wakuda, n'kukanya ndi mthiko. Amatsekemera pang'ono, kumapeto kwa lilime n'kusiya kakuwawa ngati ka mpiru. Ukamukazinga kuti atengere chipisi, amafiira bwino koma sakhukhuta ayi, amakhala wolobodoka.

Chimene foni yako sinakuuze n'chakuti mlendo ameneyu ali ndi abale kudimba kwathu. Rutabaga ndi repu ndi ana a mimba imodzi: repu amanenepa kumasamba, mnzakeyu amanenepa kumuzu. Kabichi, mpiru ndi tanaposi ndi asuwani awo. Rutabagayo amakonda kuzizira, amatenga miyezi itatu kapena inayi kuti akhwime, ndipo kukamutenthera amauma mitsitsi n'kuwawa. Ndiye pamsika wa kwa Kamwendo kapena ku Kapiri sukamupeza, ndipo kukwera basi makilomita oposa 100 kupita ku Lilongwe kukafunsa muzu umodzi m'masitolo a anthu olemera n'kutaya ndalama ya mankhwala a bambo ako.

Tsono funso lako lenileni linali lakuti kodi zimene akunenazo n'zoona. N'zoona, ndipo ndikufotokozera ndi chinthu chimene umachidziwa bwino. Ukamaphika thobwa umayamba ndi phala lolimba lopanda kukoma kulikonse. Ukathira chimera, phala lija limasungunuka n'kuyamba kuzuna, chonsecho sunaikemo shuga. Kuzunako kwachokera kuti? Kunali mu ufa momwemo, chimera changomasula. Chomangika mu ufacho ndi sitachi, yemwe uja tinkamufinya m'chinangwa kuti tilimbitsire makolala a malaya a bwana. M'thupi mwathu muli chimera chakechake. Nsima, mpunga, buledi, chinangwa, mbatata, zonsezi zikangolowa zimasanduka shuga n'kupita m'magazi. Munthu walunga thupi lake limautenga shugayo n'kuugwiritsa ntchito. Wodwala ngati ine ndi bambo ako, shuga amangoyandama m'magazi, n'kumadya maso, impso ndi mitsempha ya kumapazi mwakachetechete ngati chiswe m'denga.

Manambala ake ndinawasunga pamtima nditayamba kudwala. Pa magalamu 100 a chinangwa chachiwisi, pafupifupi 38 ndi sitachi ndi shuga. Mbatata ya kholowa ili ndi 20, kachewere 17, rutabaga wakoyo 9. Tsopano tchera khutu: dzungu lili ndi 7, kabichi ndi mabilinganya 6, shushu 5. Waona? Muzu ukufuna kuukwerera basiwo wagonja kwa dzungu limene lagona kuseri kwa nkhokwe, ndi kwa shushu amene akulendewera pampanda wa anzathu awa mpaka kugwa yekha nkhumba n'kutola. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndipo uwauze amayi ako asanamizidwe ndi amene amati wodwala shuga asiye kachewere azidya chinangwa. Kumeneko n'kuthawa mvula n'kukagwera mu Bua.

Ndikudziwa chimene chili m'mitima yanu anyamata inu, ndaona mwatsinzinirana. Mukuti maungu ndi chakudya cha njala. Sindikukutsutsani. Mu 2002 boma lathu lino la Mchinji linali limodzi mwa maboma amene njala inawaluma koopsa. Inu munali musanabadwe. Anthu anadya gaga, ena anakumba zitsa za nthochi. M'mwezi wa February tinkathyola maungu anthete osakwana n'chibakera chomwe, n'kuphika pamodzi ndi nkhwani, nsima palibe. Munthu amene anadya zimenezo misozi ili m'maso, lero ukamuikira dzungu pambale amaona ngati wamukumbutsa maliro. Koma imvani izi. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ija makolo athu ankasenza katundu wa asilikali ngati amtengatenga, dziko la Germany linaona zofanana. Kachewere sanachite bwino mu 1916, ndipo zombo za Britain zinatseka njira za panyanja. Nyengo yozizira yolowera mu 1917 anthu anapulumukira muzu womwewu, umene kale ankadyetsa ziweto. Anauphika msuzi, anausakaniza m'buledi, anaupanga jamu mpaka kukhosi kunakana. Nkhondo itatha anaunyoza zaka zambiri, ati chakudya cha mavuto. Lero ndi womwewo akuujambula pafoni ngati chakudya cha anthu ozindikira. Choncho musanyoze chakudya chifukwa chakuti munachidya muli pa usiwa, ndipo musachipembedze chifukwa chakuti dzina lake likuvuta kutchula. Dzungu silinalakwe mu 2002. Linatisunga.

Tsono mkazi wanga, mawa ukapita kwa Boma ukachite chonchi. Usankhe dzungu losazuna kwambiri, ulibenthe, uchotse nthanga koma usazitaye. Pansi pa mphika uyale timapesi, uthire madzi ochepa osafika pamaungupo, usanje zibenthu zako, uvundikire ndi masamba a nkhwani kenaka chivundikiro. Lipse ndi nthunzi, monga ankachitira agogo ako aakazi, osati kulimiza m'madzi. Likafewa ulikombe m'makoko, ulibwezere mumphika, uthire nsinjiro masipuni awiri ndi kamchere, utakase, lifwafwate pang'ono kuti nsinjirozo zipse. Futali ameneyo ndiye neeps wa kwathu kuno, ndipo nsinjiro zikugwira ntchito imene batala ankagwira ku Salisbury, mwinanso kuposa, chifukwa zimagwira m'mimba munthu osamva njala msanga. Shuga usaikemo ngakhale kambewu kamodzi. Nthanga zija uziwambe pa phale ndi timadzi ta mchere, bambo ako aziika m'thumba m'malo mwa mabisiketi.

Shushu umusendere m'madzi, apo ayi utomoni wake ukumata m'manja. Umudule ngati mmene umadulira kachewere, umuponye mumphika wa nyemba, wa nkhuku kapena wa nyama pamene ukadaponya kachewereyo. Pa mphindi 15 kapena 20 wapsa. Payekha alibe kukoma kwenikweni, koma amamwa msuzi n'kutengera kukoma kwa chimene wagona nacho. Ukafuna wako, tenga chipatso chimodzi chokhwima chimene chayamba kutulutsa mphukira, uchikwirire theka patsinde pa mtengo, uzithirira. Mabilinganya usawakazinge, amamwa mafuta ngati thonje. Uwaotche pamakala mpaka khungu lipserere, usende, ukanye ndi tomato ndi anyezi. Mphonda, zipwete ndi bowa wa dzinja ziwerengere m'gulu lomweli.

Nsinjiro ndatchulazi ndiye chuma chimene Mchinji timachipeputsa. Alimi a bungwe la MASFA kuno mtedza wawo wakafikapo m'masitolo a ku Britain, komweko kumene rutabaga amamera. Azungu ankalipira ndalama kuti atafune mtedza wa kwa Mkanda, ife n'kumagulitsa wonse kwa mavenda osasiyako ngakhale ndowa imodzi, ndalamayo n'kukagula mandasi ndi zoziziritsa kukhosi. Mukakolola Chalimbana kapena CG7, thumba loyamba ndi la m'nyumba. Kungoti posinja muzisankha bwino. Njere yonyala, yachuku kapena yowawa itayeni, ndipo musanyowetse mtedza kuti usavute kusenda, chifukwa chuku chimenecho chili ndi poizoni wowononga chiwindi ndipo moto sumupha.

Komabe ndingakhale ndikukunamizani ndikanena kuti amene wagwetsa bambo anu ndi kachewere wa mumphika. Tiyeni tiyende nawo tsiku limodzi. M'mawa tiyi wa masipuni atatu a shuga ndi buledi theka. Ayendetsa galimoto, Boma mpaka kuchipata cha Mwami, kubwerera, kupitanso. Chitsegulireni chipata chatsopano chija mu 2022 anthu owoloka sakutha, ndipo iwo pampando sachokapo. Masana aima pachiwaya: chipisi chodzaza pepala, kanyenya pamwamba, botolo lozizira pambali. Chipisi chimenecho ndi kachewere amene madzi ake aphwa, mafuta n'kulowa m'malo mwake, kotero kuti mulingo womwewo umanenepetsa kuposa katatu poyerekeza ndi wowiritsa. M'botolomo muli shuga wokwana masipuni a tiyi pafupifupi 7 kapena 8. Madzulo mitanda inayi ya ufa woyera, ndiwo zongonyambita. Ali mnyamata bambo anuwo ankapalasa kabaza wakapalasa ndi matumba awiri a fetereza kumbuyo, ndipo chimene adya chinkapsa ndi thukuta. Lero ntchito yapepuka koma mbale sinachepe. Mimba itatuluka tonse tinkawayamikira kuti zinthu zikuyenda. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Inenso ndinagwa chomwecho, ndipo ndilibe pobisala. Khukhi amalawa chilichonse, ndipo nditabwerera kumudzi ndinabwera ndi lilime la makeke. Zaka zoposa 15 zapitazo ndinayamba ludzu losatha. Usiku ndinkadzuka kasanu kukataya madzi. Thupi linayamba kutha ndikudya bwinobwino, ndipo ndinayamba kukayikira anthu osalakwa. Tsiku lina m'mamawa agogo anu aakazi anandikoka dzanja kupita nane kuseri kwa nyumba kumene ndinkaima usiku, n'kundilozera pansi. Nyerere zinali zitadzaza bii, mzere wake mpaka kukhola la mbuzi. Anati, "Bambo, nyerere sizitsata mchere." Tsiku lomwelo anandiperekeza kuchipatala. Anandibaya chala, kadontho kamodzi ka magazi, mphindi imodzi yosakwana, nkhani yonse poyera. Pobwerera tinadutsa pamsika osalankhulana, iwo n'kugula kabichi wamkulu mmodzi m'malo mwa paketi ya shuga imene tinkagula mwezi uliwonse. Kuyambira pamenepo mbale yanga anaitembenuza.

Kuitembenuza kwake n'kotere. Kwathu kuno nsima ndiye mfumu, ndiwo ndi nyakwawa yongoperekeza, ndipo munthu akadya maungu mphika wonse amanenabe kuti wagona ndi njala. Kwa wodwala shuga ufumuwo usinthe. Theka la mbale likhale masamba: nkhwani, bonongwe, chisoso, luni, khwanya, therere, repu, chilichonse chimene nyengo yapereka, ndipo chilimwe chikafika mumasule chikwatu cha mfutso. Theka lotsalalo muligawe pawiri. Mbali imodzi nyemba, nandolo, soya, usipa, dzira kapena kanyama. Mbali inayo mtanda umodzi wa mgaiwa wolingana ndi chibakera cha mwini wake. Tsiku la futali wa maungu mtandawo uchepenso kapena upumule, chifukwa dzungu nalo lili ndi shuga wake, ndipo kudya lathunthu n'kutsirizira nsima ndiye kuwonjezera katundu pangolo yothyoka kale. Kachewere sitinamuthamangitse pamudzi. Awiri ang'onoang'ono owiritsa ndi makoko awo, tsiku limene palibe nsima, palibe mlandu. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa amayi kusikelo aja si nyimbo ya ana okha, ndi ya madalaivala omwe.

Pali zinthu zitatu zimene ndikufuna muzigwire ndi manja awiri. Choyamba, dzungu si mankhwala, shushu si mankhwala, rutabaga si mankhwala. Bambo anu apitirize kumwa mapiritsi amene awapatsa ndi kupita tsiku limene awalembera. Ndaika m'manda anzanga amene anasiya mankhwala atamva za muzu wina wozizwitsa wogulitsidwa m'botolo pamsika. Chachiwiri, akachepetsa nsima akawauze adokotala, chifukwa mankhwala ena amatsitsa shuga kwambiri munthu akadya pang'ono kapena akadumphitsa chakudya. Mukadzaona akunjenjemera, thukuta lili kamukamu, akuyankhula zosokonekera, apatseni msanga madzi a shuga kapena switi ngati akutha kumeza, kenaka kuchipatala. Munthu wogwira chiwongolero asasowe switi m'thumba. Chachitatu, mbale ndafotokozayi musakailande mwana, mayi woyembekezera kapena munthu wolima tsiku lonse. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno anali opinimbira. Mng'ono wanu uyu adye phala lake la mgaiwa lothira nsinjiro, adye mbatata, akhute. Dziko lathu lasenza mitolo iwiri, wina akudwala chifukwa chosowa, wina chifukwa chochulutsa chinthu chimodzimodzi, ndipo nthawi zina onsewo amadyera mumphika umodzi. Wopakula ndiye ayenera kukhala ndi maso.

Inu anyamata musayese kuti zimenezi ndi za nkhalamba. Mu 2009 Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la WHO unayeza anthu m'dziko muno, ndipo unapeza kuti pafupifupi 6 mwa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi shuga, pamene mmodzi mwa atatu anali ndi kuthamanga kwa magazi. Matenda amenewa amatsata magazi a pamtundu. Agogo anu ndili nawo, bambo anu ali nawo, ndiye inu mwayandikira moto kuposa anzanu. Sindikuti musadzalawenso chipisi, ndinali mnyamata inenso. Ndikuti chikhale cha pa Loweruka, osati cha tsiku ndi tsiku. Njinga yamoto ikhale ya ulendo wautali, kudimba ndi kutchalitchi muzipita wapansi. Ndipo mukafika ku Boma, ku Kapiri, ku Ludzi kapena ku Guilleme pa chifukwa china chilichonse, pemphani akuyezeni. Musadikire nyerere.

Iwe mkazi wanga, usachite manyazi ndi foni yakoyo. Wachita bwino kufunsa, safunsa anadya phula. Unaona bambo ako akufooka, ukuyang'ana pothawira, ndipo umenewo ndi mtima wa mwana wolereka. Ukadzapeza kapaketi ka mbewu ya rutabaga kwa ogulitsa mbewu za masamba, ubwere nako. Tidzafesa mu May kudimba lija la m'mbali mwa mtsinje wa Rusa, mzere umodzi pafupi ndi m'bale wake repu, tione ngati kuzizira kwa June ndi July kungamukwanire. Akadzabereka ndidzakuphikira ndekha monga ndinkachitira ku Salisbury, udzalawe kakuwawa kaja, ndipo masamba ake tidzatendera. Akadzakana, sitidzalira maliro.

Koma bambo ako sangadikire miyezi inayi, akufunika kudya mawa. Dzuka, tenga tochi. Kuseri kwa nkhokwe kuli maungu asanu ndi limodzi amene ndinawasanja pa thandala, onse ndi zikonyo zawo kuti asaole. Usankhe awiri, ugogode ndi chala, olira ngati ng'oma ndiwo okhwima. M'chitini chili pawindo muli nsinjiro zimene azakhali ako asinja dzulo, utenge theka. Ukakaphika upakule mbale ziwiri, ina yako, ukhale nawo pansi mudyere limodzi. Mwana wanga ameneyo ndimamudziwa: ukamuikira dzungu payekha ena akudya chipisi, adzati mwamuyesa wodwala, ndipo adzakankha mbale.